Zogwirira za ku Jenda

Lolemba, 6 Juni

A Enos a muofesi mwathu alandira njinga yamoto yatsopano ya pulojekiti. Akuti zogwirira za chiwongolero zimatentha zokha, zinachokera choncho kufakitale. Ofesi yonse inatuluka kukazisisita ngati khanda lobadwa kumene. Ine ayi. Nesi wokulira ku Dedza, chisanu cha ku Mzimba chingandiuze chiyani? Bambo wandevu zake kumafuna mbaula m'manja!

Lachitatu, 8 Juni

Nsanje ndi matenda ndithu. A Kingstone, amene ndimayenda nawo m'masikelo a kumidzi, akaikitsa zawo ku Jenda kwa makanika wa pansi pa mtengo. Mawaya ali pamtunda, tepi wakuda ponseponse. "Asisita, gwirani muone, zikufunda chomene." Ndagwira kuti andileke. Chakumanja chikuwotcha, chakumanzere chili zii. Za a Enos bola, zimafunda mofanana ndipo ukazimitsa njinga nazo zimazima. Zonse n'zachibwana, koma za ku Jendazi ndiye chibwana cha mchombo lende.

Lachisanu, 10 Juni

Batire la a K. lafa. Makanika uja analumikiza mawaya ku batire kwenikweniko, iwo n'kuiwala kuzimitsa. Akankha njinga kuchokera pa ofesi mpaka kumsika, thukuta kamukamu. Kufunda ankakufunako ndi kumeneko.

Lachiwiri, 14 Juni

Sikelo ya ku Chikangawa, ndinapita ndekha pa njinga yanga. Nkhungu, malole a matabwa, mphepo yoboola magolovesi. Ndinafika zala zitauma gwa. Amayi makumi atatu pamzere kudikira katemera, chikuku chalowa kale m'midzi iwiri yapafupi.

Woyamba anali mwana wa NyaTembo. Nditangomukhudza pamkono anakuwa. Jakisoni anandipulumuka n'kugwa pansi. Jakisoni wachiwiri ndinamubaya mokhota, magazi. Mayiyo anandilanda mwana. "Yayi asisita, manja anu akuzizima ngati a maliro. Mwana wane yayi." Anabereka n'kumapita, ena khumi pambuyo pake.

Zaka khumi ndi zinayi ndikubaya ana, manyazi otere sindinawaonepo. Mmodzi mwa anawo akadwala chikuku, wamudwalitsa ndine.

Lachitatu, 15 Juni

Ndimati ndibwereke njinga ya a Enos. Apita nayo ku Embangweni sabata yonse. Zogwirira zabwinozo zikufunditsa manja onyamula mafayilo.

Lachisanu, 17 Juni

Tabwererako ndi a K., aliyense pa njinga yake. Iwo amadziwa Chitumbuka, dzulo anatumiza uthenga wowanyengerera amayi aja. Abwera asanu ndi awiri. NyaTembo anaima patali, mwana ali kumsana, chitenje atamanga kawiri.

Zala zanga chimodzimodzi Lachiwiri. Ndinayesa kuziuzira mpweya, kuziika m'khwapa, palibe. A K. sanazimitse injini. Anangotsika n'kuima pambali, maso kumitengo ya paini. Akanandiseka bwenzi nditakana.

Ndinavula magolovesi. Ndinafumbata chogwirira cha njinga yawo chakumanja chowotcha chija ndi manja onse awiri, tepi akumata m'zala, amayi onse akuonerera. Wina anati, "Asisita akuwotha njinga!" Anaseka. Aseke.

NyaTembo sanaseke. Anabwera, anatenga dzanja langa n'kuliika patsaya lake, kaye lakumanja, kenako lakumanzere. Anakhala nalo kanthawi.

"Mbwenu, afunda," anatero, n'kuyamba kumasula chitenje.