Panalibe mtanda wofiira

Amayi, kaya mukukhala bwanji kumene muliko? Kuno tilipo. Chimanga cha kumunda wa kuphiri chachita bwino, ngakhale anyani atidyera mizere ya m'mphepete. Fodya ali m'chigafa. Lusiya wanga anachira mu Disembala, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Akangotsokomola pang'ono ndimafuna kuthamangira naye kuchipatala, kenako ndimakumbukira mawu anu aja: "Iwe Esitere, umalira maliro munthu asanadwale."

Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndikuopa kulemba nkhani inayo. Ndi ya Fanuwelo, mwana wanu wotsiriza, amene munandisiyira kuti ndizimuyang'anira.

Mukudziwa kuti chilowereni iye usilikali, ndege ikamadutsa ndinkathawira m'nyumba, kuganiza kuti nkhondo yayamba. Atabwera pa tchuthi, inu mutapita kale, anandiseka mpaka misozi. Anatenga khala, dothi lakatondo ndi masamba a maungu, n'kujambula pa khoma la khitchini. Anati, "Achemwali, musamangomva phokoso, muziyang'ana m'nthiti mwake. Mukaona chozungulira ngati mbale, chakuda, chofiira ndi chobiriwira, imeneyo ndi ya asilikali athu, muzibayibitsa. Manambala a kumchira ndi dzina lake, monga a galimoto. Mukaona mtanda wofiira pamalo oyera, yanyamula odwala kapena ovulala, ndipo imeneyo ngakhale adani saloledwa kuiwombera." Manambala sindinawagwire, paja sukulu ndinalekera sitandade folo. Koma mitundu ndinaigwira.

Khirisimasi itadutsa makalata ake anasiya kubwera. Bambo a Lusiya ankati ndi mvula, poti mlatho wa njira ya ku Kasakula unali utakokoloka. Ine chakudya sichinkalowa.

Ndiye Lachiwiri lina mu Febuluwale, tikuthyola fodya m'mawa, helikopita inazungulira mudzi kawiri n'kutera pa bwalo la mpira la kusukulu. Amayi, inu zipani zambirizi munangozionako poyambira. Masiku ano mtundu uliwonse uli ndi mwini wake, ngakhale mpango munthu amayamba waganiza asanavale. Anthu ataona chakuda, chofiira ndi chobiriwira anati abwera akuluakulu a chipani chakale. Azimayi ena anathamangira kukavundukula zitenje zimene anabisa pansi pa sutikesi, n'kuyamba nyimbo. A chipani chatsopano anali kukuwa kuti, "Bwererani, nthawi yanu inatha!" Alamu anu a Nachisale anandikoka dzanja, amvekere, "Tiye iwe, ukaima pamenepa akugawira ndani shuga?"

Ine ndekha ndinadziwa kuti si ya chipani. Chozungulira chija chinali chomwecho cha pa khoma langa. Ndipo mudzi wonse uno msilikali ndi mmodzi.

Ndinaizungulira, Amayi, mphepo yake ikundivula mpango. Ndinkafuna mtanda wofiira. Ndinkati Mulungu, ukhalepo, chifukwa wovulala amakhala ali moyo, ndikhoza kumuphikira phala, ndikhoza kumutsuka mabala. Ndinayang'ana mbali iyi, ndinapita mbali inayo, ndinawerama mpaka kusuzumira kumimba kwake. Panalibe.

Asilikali anatsika mwakachetechete n'kufunsa kwawo kwa Fanuwelo. Azimayi anali akuimbabe pamene bokosi linkatuluka, litakutidwa ndi mbendera. Anasiya kuimba mmodzimmodzi. A Nachisale anangokhala pansi m'matope ndi chitenje chawo cha chipani. Asilikaliwo akuti galimoto imene Fanuwelo anakwera ndi anzake pa ntchito inagubuduzika, iye anamwalira pomwepo, ndipo msewu wa kuno sunkadutsika n'chifukwa chake anamubweretsa m'mwamba. Paja ankati tsiku lina adzabwera pa ndege kuti ndimuone.

Tamugoneka pafupi ndi inu, kudzanja lanu lamanja. Anzake anaombera mfuti kumanda, ndipo ine wamantha uja sindinathawe. Munkati ndimalira msanga. Amayi, ulendo uno sindinalakwitse, ndipo ndikanakonda mukanandisekanso.

Mundikhululukire, sindinathe kumusunga. Kodi wafika? Mumufunse ngati wadya, mukudziwa kuti iye njala sanena.

Chojambula chake chikufufutika ndi mvula. Chobiriwira chinapita kale, chatsala chakuda ndi chofiira. Anzanga akuti ndizire khomalo mvula ikatha, ndakana. Maungu abereka kuseri kwa nyumba. Ndikulonjeza kuti mawa ndithyola masamba n'kubwezeretsa pomwe iye anadutsitsa dzanja, ndipo kamwana ka dzina lanu kakadzakula ndidzakaphunzitsa, kuti ndege ikamadutsa kasamathawe.

Ndine mwana wanu wokukondani nonse awiri,
Esitere