Chala changa chinabisa mawu awiri okha

Aphungu,

Mukapeza zolakwika mungokonza, ine sukulu ndinalekera ku pulayimale. Ndine mayi wa zaka 23, ndili ndi mwana mmodzi wamwamuna wa zaka ziwiri. Pakhomo timamutcha Kapitawo chifukwa chilichonse amalamula ndi chala, chonsecho kuyankhula bwinobwino sanayambe. Kapitawo anabadwa ndi ng'ala m'diso lakumanzere. Adokotala anati achitidwe opaleshoni mwezi wamawa, tikachedwa disolo lizolowera mdima.

Amuna anga amayendetsa thiraki, akachoka amatha milungu iwiri kapena itatu. Ndalama za opaleshoniyi akhala akusunga kwa chaka ndi theka, koma osati kubanki. Amasunga mu foni mwawo, mu zimene amati kiripto, ndalama zosagwirika ndi manja zija. Ine sindinazionepo, ndimangowerenga nkhope yawo. Mtengo wake ukakwera amabwera ndi nyama n'kumanditcha dona. Ukatsika, ngakhale mphaka amadziwa kuti lero pabalaza si pokhala.

Tsiku limene anatsegula chikwama cha mu foni chosungiramo kiriptoyo, foniyo inawapatsa mawu khumi ndi awiri a Chingerezi. Mawu ake osagwirizana n'komwe, lina dzina la nyama, lina la chipatso, ngati zoloweza za ana a kumkaka. Anandikhazika pansi n'kundiuza kuti, "Mawu awa ndiye kiyi. Foni ikatayika, kapena ine ndikagubuduzika ndi thiraki, amene ali ndi mawuwa ndiye mwini ndalama. Usaonetse munthu, kaya mayi ako, kaya abusa." Kenaka anazungulira nyumba yonse kufuna polemba. Kope lawo la paulendo anati limanyowa ndi dizilo. Kalendala anati ine ndimayatsira mbaula. Mapeto ake anatenga buku la kusikelo la Kapitawo n'kulemba mkati mwa chikuto chakumapeto, akuti, "M'nyumba muno chinthu chimene sunatayepo ndi ichi chokha. Setifiketi ya ukwati wathu sukudziwa n'komwe kumene ili." Ndi zoona, mpaka lero sindikudziwa.

Lolemba lapitali tinapita kuchipatala. Bukulo latsala pang'ono kudzaza, ndiye adokotala analemba tsiku la opaleshoni patsamba lomaliza. Koma kalembedwe kake, Aphungu, ngati nkhuku yapalasa pamchenga. Kubwerera kuti ndikafunse ndinachita manyazi, mzere unali wautali ndipo anamwino anali atayamba kale kuyang'ana wotchi. Nditafika kunyumba ndinajambula tsambalo n'kutumiza pagulu lathu la pa foni la amayi amene tinadziwana kusikelo. Tilipo 86. Ndinangofunsa kuti, "Amayi anzanga, apa alemba kuti chiyani?"

Amake mapasa, amene anayambitsa gululo, anandiwerengera bwinobwino kuti tsiku lake ndi pa 14 ndipo mwana asadye kanthu m'mawa mwake. Ndinathokoza. Posakhalitsa mayi wina wogulitsa nsapato analemba kuti, "Nanga mawu a Chingerezi ali kumbaliwo ndi mankhwala? Onsewo mwana mmodzi? Mumupha." Anthu anayamba kuseka. Ine mutu unaima.

Nditayang'ananso chithunzicho, mawu khumi akuoneka bwinobwino kuposa zolemba za adokotala. Awiri omaliza okha ndi amene anabisika ndi chala changa chachikulu, chifukwa ndinapanikiza tsambalo kuti lisatsekeke. Ndinafufuta msangamsanga, koma foni inaonetsa kuti anthu 41 anali ataona kale. Amayi amene ukalengeza za maliro amatha masiku atatu osatsegula uthenga, tsiku limeneli onse anali ndi bandulo.

M'mawa mwake inandipeza nambala yachilendo. Pachithunzi pali bambo wovala suti, watsamira galimoto yoyera. Ulemu wake wosaneneka. Analemba kuti, "Mayi, ndine wa ku ofesi yothandiza eni zikwama za kiripto. Makina athu aona kuti chikwama chanu chili pangozi. Tumizani mawu awiri otsalawo kuti titseke akuba asanalowe." Nditamufunsa kuti nambala yanga waitenga kuti, anati, "Makina amadziwa zonse, mayi." Kenaka anafunsa kuti diso la Kapitawo likupeza bwanji. Komatu dzina limeneli m'buku mulibe.

Chiyambireni amandilembera m'mawa, masana ndi madzulo, kuposa mmene amuna anga ankachitira tili pachibwenzi. Lero wanena kuti ndikapanda kutumiza pofika Lachisanu, chikwamacho chitsekedwa ndipo ndalama zonse zipita ku boma la intaneti. Sindinatumize. Sindikunena kuti ndine wochenjera, tsiku loyamba lija bandulo inangondithera chala chili kale pa foni. Nditagula ina mtima unakana.

Amuna anga sindinawauze. Dzulo anaimba ali pamzere wa mathiraki pa boda, anafunsa ngati zonse zili bwino, ine ndinati eya. Si munthu womenya, koma ali ndi kachete kawo. Amatha sabata yathunthu akungoloza mchere ndi chibwano. Komanso apongozi anga amanena nthawi zonse kuti mwana wawo anakwatira mtsikana wosatha sukulu, ndiye izi zikawafika aziimba ngati nyimbo mpaka ndidzakalambe. Amuna angawo abwera pakatha masiku asanu ndi anayi.

Ndithandizeni, Aphungu. Kodi poti awiri aja sanaoneke, ndalamazo zili bwino? Ndimaganiza zotenga cholembera, ndifufute mawu ena n'kulembapo atsopano, ngati mmene timasinthira nambala yachinsinsi ya foni, kuti amene anaona aja asokonezeke. Kapena ndingong'amba chikutocho ndiotche? Nanga bambo wa suti uja, mwina ndi woonadi, ine n'kumakana thandizo? Chachikulu, kodi pali njira yokonzera izi amuna anga osadziwa? Ngati mukufuna, ndikutumizirani mawu onse khumi ndi awiri kuti muone ngati ndalamazo zikadalimo. Ndalamazi zikapita, mwana wanga akula ndi diso limodzi chifukwa cha chithunzi chimene ndinajambula ndekha.

Tauni yanga musalembe, amayi a pagulu aja amawerenga tsamba lanu kuposa Baibulo.

M.T.

Amake Kapitawo,

Kalata yanu itangofika ndinakuyankhani pa foni ola lomwelo, chifukwa nkhani iyi si yodikira tsiku la nyuzipepala. Ndikubwereza pano zimene ndinakuuzani kuti anzanu 85 aja amve nawo, poti mwati amawerenga.

Mawuwo musanditumizire. Ine ndine munthu wabwino ndithu, koma denga la nyumba yanga likudontha, musandiyese. Amuna anu ananena kuti kaya mayi anu, kaya abusa. Onjezeranipo aphungu.

Bambo wa suti uja ndi wakuba, ndipo ndikukayika ngati suti ndi galimotoyo ndi zake. Palibe ofesi yoona imene imapempha mawu amenewa, ndipo boma la intaneti kulibe. Makina ake odziwa zonsewo ndi munthu wa pagulu panu pomwepo, kapena mwamuna wa wina, kapena mchimwene wa wina amene anabwereka foni. N'chifukwa chake akudziwa dzina la pakhomo la mwana wanu. Jambulani mauthenga akewo musunge, aonetseni amake mapasa kuti achenjeze gulu, kenaka mutsekeni asakupezeninso. Musatsutsane naye, kuyankhula ndiye ntchito yake.

Tsopano chala chanu chija. Chinagwira ntchito, koma si loko. Mawu amenewa amachokera pamndandanda umodzi wodziwika wa mawu pafupifupi zikwi ziwiri, ndipo aliyense angathe kuupeza. Munthu amene ali ndi khumi aja komanso kompyuta akhoza kuyesa mawu onse m'malo awiri otsalawo inu musanamalize kuchapa matewera. Wa sutiyu akukupemphani chifukwa ndi wakuba waulesi, kapena mbuli. Amene muyenera kumuopa ndi wakhama, amene sapereka moni.

Zosintha mawu ndi cholembera ziiwaleni. Zili ngati kiyi wa nyumba yanu wabedwa, inu n'kujambula kiyi wina papepala kuti loko asinthe. Mawu amenewa sasinthika. Mukawafufuta musokonezeka ndinu nokha, wakubayo ake ali nawo kale. Kuotchanso ayi, pakadali pano. Foni ya amuna anu itapondedwa ndi tayala mawa, chikuto chimenecho ndiye khomo lokhalo lolowera. Chikwama chimenechi chatha ntchito basi. Nyumba imene kiyi wake ali m'manja mwa anthu 41, mankhwala ake ndi kusamuka.

Wosamutsayo ndi amene ali ndi foni, choncho njira yoti amuna anu asadziwe palibe. Masiku asanu ndi anayi ndi ambiri, ngakhale Lachisanu ndi kutali. Aimbireni tsopano. Musayambe ndi kulira kapena mbiri ya nkhuku yopalasa pamchenga. Nenani kuti, "Mawu aja aoneka pagulu, samutsani ndalama kaye, zokangana tikangana mukafika." Aimike thiraki pamalo abwino. Atsegule chikwama chatsopano chimene chiwapatse mawu ena khumi ndi awiri atsopano, chifukwa kungotsegula kachipinda kena m'chikwama chakale chomwecho n'kusamukira kuchipinda m'nyumba yomwe yabedwa kiyi. Mawuwo alembe papepala ndi dzanja, osajambula, osatumizira munthu, ngakhale inu. Atumize kochepa kaye kuti aone ngati kafika, kakangofika atumize zonse nthawi yomweyo. Foni asapatse wokonza mafoni wa pa boda kapena dalaivala mnzawo amene amati amazidziwa.

Akatero achitenso china. Ndalama zofunika pa 14 zisakhale m'chinthu chimene mtengo wake umathamangitsa mphaka pabalaza. Kiripto ndi malo a ndalama zimene zitatsika ndi theka mukhoza kudandaula koma n'kugona. Za diso la mwana si zimenezo. Agulitse zokwanira opaleshoni kudzera njira yomwe akhala akugulira, ndipo asatulutse kiripto yawo asanaone ndi maso kuti ndalama zalowadi ku akaunti kwawo. Aziike kubanki, kapena mukafunse kuchipatala ngati n'kotheka kulipiriratu mutenge lisiti. Sindikukhulupirira kuti pazenera lolipirira paja pali munthu amene angalandire ndalama zosagwirika ndi manja.

Za mlandu, tigawane bwino. Inu munaonetsa mawuwo kwa anthu 41 tsiku limodzi. Iwo anawalemba m'buku limene mwezi uliwonse limaunjikidwa patebulo la kusikelo, n'kudutsa m'manja mwa alembi, anamwino ndi mayi aliyense amene watola lolakwika. Akhala akuonetsa kiyi wawo kwa chaka ndi theka, mwayi wawo unali woti kusikelo anthu amatanganidwa ndi kulira kwa ana. Apongozi akayamba nyimbo yawo, muwakumbutse mwaulemu kuti wophunzira ndiye analemba pamenepo, ndipo wa ku pulayimale ndiye anakana kutumiza mawu awiri aja ngakhale ankanyengereredwa katatu patsiku.

Akabwera, mukhale pansi akuphunzitseni kutsegula chikwamacho. Munthu amene amanena yekha zogubuduzika ndi thiraki asasiye mkazi ali ndi kiyi wa chitseko chimene sadziwa kumene chili. Chikuto chakale chija muotche ndalama zikasamuka. Ndipo tsiku lina adokotala akadzapalasanso, bwererani mukafunse. Anamwino ayang'ane wotchi mpaka ithe batire.

Izi ndi zimene ndinakuuzani. Tsiku lotsatira munanditumizira uthenga wa mizere iwiri: "Asamutsa, zinalimo zonse. Koma sakundiyankhula." Asiyeni. Bambo wosayankhula amathabe kunyamula mwana kupita naye kuchipatala, ndipo Kapitawo akadzachotsedwa bandeji adzakhala ndi maso awiri oonera bambo ake akuloza mchere ndi chibwano.

Chenjezo langa ndi ili. Nambala yanu tsopano ikudziwika kuti ndi ya nyumba yosunga kiripto, ndiye abwera ena. Wina adzati ndi wapolisi wofufuza wa suti uja, wina adzati amachulukitsa ndalama pa sabata imodzi. Aliyense amene wayamba ndi moni wautali n'kuthera pa mawu khumi ndi awiri, mutsekeni. Mawu atsopanowo alembedwe pamapepala awiri, asungidwe malo awiri ouma amene nonse mukuwadziwa, kutali ndi kamera ndiponso kutali ndi mbaula. Chonde musawaike pamodzi ndi setifiketi ya ukwati.

Aphungu