Mbiri ya Willie

Lolemba, 3 Okutobala 2016

Sheffield, mvula. Masiku anayi chimwalirire Willie. Ndakatenga katundu wake kunyumba yosamalira okalamba. Amulongedzera m'matumba a zinyalala. Chithunzi chathu ndachipeza m'dirowa, chozondotsa. Akuti anachichotsa pakhoma kuti okalamba ena asakhumudwe. Zaka 31 tili limodzi, koma m'buku la alendo ndinkalemba kuti "mnzake". Ndi dzanja langa lomwe.

Lachitatu, 5

A Stella, alongo ake, abwera kuchokera ku Liverpool. Akufuna ndilembe mbiri ya malemu yokawerenga m'tchalitchi. "A David, inu ndinu a mabuku, mulembe zomveka." Ndalemba. Zomba, maphunziro a unamwino, chipatala, kwaya. Mzere womaliza: wasiya David, amene anamanga naye banja.

Lachinayi

Mzerewo aufufuta. M'malo mwake: "Malemu sanakwatire, sanasiye mwana." Ati, "Musatiyalutse, vidiyo ipita kumudzi." Atatero anadya nsomba imene ndinaphika, m'mbale ya Willie, nawonjezera. Ine ndikutsuka mapoto.

Loweruka, 15

Maliro. Kutsogolo azisuweni amene sanapondeko kunyumba ya okalamba ija ngakhale kamodzi, akulira mokweza. Ine benchi yachisanu. Wowerenga mbiri wathokoza "a David, amene ankathandiza malemu pa mayendedwe". Dalaivala! Ndevu ndinkamumeta ndine. Ataiwala mayina onse, langa lokha ankalitchula.

Potuluka, mayi Yewo, namwino wa kunyumba ija, anandigwira dzanja: "Pepani bambo, oferedwa ndinu." Anandipatsa kapepala. Ku Leeds kuli kagulu kojambula mawu a okalamba onga ife, okondana amuna kapena akazi okhaokha, kuti mbiri zathu zisungidwe.

Lachiwiri, 25

Leeds. Kachipinda kozizira, tiyi wozirala. Mayi wojambula anafunsa ngati abise mayina. Pakamwa panga panali patatseguka kale kuti ndivomere. Chizolowezi chonyansa.

Ndinakana. Ndinatchula dzina lake lonse, mudzi, boma, monga timachitira pamaliro. Kenaka langa. Anafunsa kuti Willie anali ndani wanga. Yankho linatuluka m'Chichewa: mwamuna wanga. Sindinanenepo chibadwire. Mayiyo sanamve, anapempha ndibwereze m'Chingerezi.

Ndinabwereza. Makina akujambula.