Akuti ndichite "settle down", koma kwathu n'ku Dedza

Aphungu,

Ine Chingerezi ndimachidziwa, musaone kuti ndinalekera giredi 5. Ndimasesa pasukulu ina kuno ku Tafara, m'dziko la Zimbabwe, ndipo mawu amene ndatola pazenera angadzaze kombi, minibasi yakuno. Koma awa akuti "settle down" andisowetsa mtendere. Aphunzitsi akawatchula, ana amakhala pansi, phokoso zii. Galu wa ahedi akauwa, amauzidwanso omwewo. Tsopano Paida, mwana wa mchemwali wanga, waponyera ine, bambo wa zaka 57: "Sekuru, chitani settle down, mayi aja atopa!" Sekuru ndiye amalume m'chinenero chakuno. Akuti kwa munthu wamkulu "settle down" ndiye kukwatira n'kukhazikika pamodzi.

Mayi akunenawo ndi a Conceição, amasiye a ku Glen Norah, dera lina la mumzinda uno, ogulitsa nsomba zouma. Andidikira zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sindikudabwa, nkhope yangayi inkaimitsa mabasi. Koma sabata yatha sanaseke nthabwala zanga. Anati, "Bambo, mwezi uno ukatha musanandiyankhe, ndikupita kwa mwana wanga ku Tete."

Vuto ndi ili. Kwathu ndi ku Dedza. Sindinapondeko, ndinabadwira papulazi ku Zimbabwe konkuno, koma malemu bambo ankandisimbira mpaka ndimakuona ndikatsinzina. Nkhungu imatsika m'phiri ngati thonje, mphepo imanunkhira paini, kachewere mmodzi banja lonse kukhuta. Nthawi zina ndimangozindikira ndaima, tsache lili m'manja, mtima uli pakhonde la nyumba yanga kumeneko. Chitseko chake ndinagula kale mu 2004, chabuluu, chili pansi pa bedi m'chipinda chomwe ndimachita lendi. Kuno sindinadzalepo ngakhale papaya, ndinkati ndidzasiyira ndani?

Mayiwa ndimawakonda, Aphungu. Koma ndikakhazikika nawo kuno, si ndiye kuti ndawataya bambo ndi mudzi wawo?

C.B., Tafara

Bambo C.B.,

Paida wakumasulirani bwino. Mawuwo amauzidwa chinthu chimene chakhala chikusokosa kapena kuyendayenda, kuti chidekhe: ana, galu, mtima, ngakhale bambo wodzitama ngati inu. Zoti muiwale kwanu mulibemo.

Koma tinene zoona. Mwakhala ngati mlendo m'dziko lomwe munabadwira, kudikira mudzi womwe simunauonepo. Kulota sindikukuletsani. Chomwe chikundiwawa n'choti mayi wa eni akukalambira m'maloto anuwo.

Loweruka lino valani malaya ochapa mupite ku Glen Norah. Mukawauze za Dedza monga mwandiuzira ine, ndi za chitseko zomwe, chifukwa ndikukayika ngati akuzidziwa. Kenako tumani wamkulu akalankhule ndi abale awo mwamwambo. Sukulu ikatsekera, kwerani basi nonse awiri. Msewu wa ku Dedza umadutsa ku Tete komweko, mukaima mukamupatse moni mwanayo. Mukafika, mukafunse ngati kudakali wina wokumbukira bambo anu, ndipo muone ndi maso anu kukula kwa kachewere. Kokakhala mudzasankha muli awiri, mutaona konse.

Koma chenjerani. Musakafike uko Loweruka n'kuwaseketsa tsiku lonse, kenako n'kubwerako osanena mawu enieni. Mayiwa akuuzani tsiku, ndipo ine ndikukhulupirira kuti nthawi yonyamukira basi ya ku Tete anafunsa kale.