Mpango Wanu Sunafike ku Ntcheu

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumene muliko?

Kuno ku Bindura tilipo. Ndinabereka mwana wamkazi mvula itangoyamba, tinamutcha dzina lanu, Esitere. Chimanga cha ku Masembura sichinachite bwino, ndipo bambo ake a mwana akadali m'maenje a golide ku Kitsiyatota.

Musaganize kuti ndinaiwala zomwe munandituma muli pamphasa, zoti ndikapereke mpango wanu wofiirira uja kwa mng'ono wanu ku Ntcheu. Ndinayesa, Amayi. Pasipoti anandikaniza, akuti ife a makolo a ku Malawi ndife alendo, ngakhale mchombo wanga unagwera pa famu pompano. Nditavutika miyezi yambiri, ndinapeza kapepala kodutsira malire kamodzi kokha.

Koma chidutsire chisankho, dziko lili m'manja mwa asilikali. Atseka misewu, ndipo akuti aliyense wotuluka akupita kukaneneza boma kunja. Choncho za ulendo wanga ndinangouza achimwene anga a Yohane ndi akazi awo, basi.

Lachiwiri m'mawa ndinakwera kombi, minibasi ya kuno, Esitere ali kumbuyo. Tisanapite patali anatiimitsa. Msilikali wina anasuzumira pazenera n'kunditchula dzina, chitupa changa asanachione n'komwe. Ananditsitsa. Sanafunse kumene ndikupita, anangoti nditulutse mpango wofiirira uja ndi kapepala. Mpango anandibwezera, kapepala anakapinda n'kuika m'thumba mwake. Ndinabwerera wapansi, mwana akulira njira yonse.

Tandiuzani, Amayi, anadziwa bwanji mtundu wa mpango umene unali pansi pa chikwama?

Munkakonda kunena kuti khoswe wa m'nyumba amaluma akuuzira. Mpongozi wanu, mkazi wa achimweneyo, anafika madzulo a tsiku lomwelo ndi mbatata, misozi ili mbwee, akundipepesa ndisanamufotokozere kanthu. Mwina anamva kwa a m'kombi, sindikudziwa. Koma mlongo wake amagona ku msasa wa achinyamata a chipani. Achimwene nawo masiku ano sandiyang'ana m'maso. Nthawi zina ndimati mwina anawaopseza, pakuti nawonso ali ndi ana. Ndimafuna kuwakhululukira, koma ndikhululukire uti?

Dzulo mpongozi wanuyo anandifunsa mokoma kuti ndidzayesanso liti. Ndinamuyankha kuti ndagwa ulesi, za ku Malawi ndazisiya. Ndinanama, Mulungu andikhululukire.

Uthenga wabwera woti amayi aang'ono ayamba kudwaladwala, ndipo akufunsabe ngati munawasiyira mawu. Ndipita, Amayi. Mpango ndausokerera m'kati mwa bulangete la mwana. Njira ndaipeza, koma tsiku lake sindilemba, ngakhale kwa inu. Pepala silisankha maso.

Ndimakukondani. Mpangowo ndidzawamanga amayi aang'ono kumutu ndi manja angawa.

Ndine mwana wanu,
Grace