Ampu Yoti Bambo Amve

Lolemba, 3 Malichi

Ampu, chokuzira mawu chija, yayambanso matenda ake. Ndinaipanga ndekha, m'bokosi la matabwa, kuti Bambo azimvera kaseti ija Amayi anajambula akuimba asanatisiye. Makutu a Bambo akutha. Wailesi wamba saimvanso. Lero ndayatsa, phokoso lokhalokha ngati njuchi m'chitini, mawu a Amayi pansi penipeni.

Alamu, amuna a achemwali, aima pakhomo manja m'matumba. "Vuto ndi sipika, ine ndikudziwa." Akudziwa! Munthu woti kusintha babu mpaka aitane mkazi wake adzagwire mpando.

Lachiwiri, 4 Malichi

Sipika ilibe mlandu. Ndaiyesa ndi batire, ikuyankha bwinobwino. Ndatsegula bokosi, kapasita imodzi yatupa mutu ngati chithupsa. Ulendo kwa wogulitsa zipangizo wa dzino lagolide uja. "Iyi ndi orijino, achimwene." Kwa iyeyo zonse ndi orijino, ndi fumbi lomwe. Ndagula, nanga ndikanatani.

Ndawotcherera. Phokoso lachepa, kenako fyuzi yapsa. Pali china chikudya moto mkatimu. Ndasiya patebulo, ndauza nyumba yonse kuti wina asakhudze.

Lachinayi, 6 Malichi

Pobwera kuntchito, fungo la pulasitiki wopsa landichingamira pageti. Alamu andithandiza ati. Akulunga fyuzi yakufa ija ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, n'kuyatsa. "Pagalimoto timatero, imayenda." Galimoto yake iti? Ya abwana aja anawachotsa ntchito?

Fyuzi imafa dala kuti zinzake zipulumuke. Iwo aiukitsa. Matransisita awiri apsa, bolodi yada bii.

Achemwali akuti ndisawakalipire, ankafuna zabwino. Zabwino zawozo azikachitira kwawo.

Kaseti ili bwino. Ndaitulutsa msanga. Ndaibisa m'sutikesi, pansi pa malaya.

Lachisanu, 7 Malichi

Bambo andifunsa ngati yatheka. Ndayankha, ndabwereza, mapeto ake ndachita kukuwa. Angomwetulira, kumwetulira kuja amachita akapanda kumva kanthu. Mwezi watha sizinali chonchi. Ndikuopa.

Alamu pabalaza, miyendo patebulo, kuuza aneba kuti zopangapanga zapakhomo sizilimba, bola kugula yakusitolo. Agula ndi chiyani, pakamwa? Sopo yemwe amasambira ndi wathu.

Lachitatu, 12 Malichi

Masiku onsewa mita yoyezera magetsi m'manja, kugwira mwendo wa kachipangizo aka, kugwira wa ako. Pamwamba pa matenda akale pali tsopano zoononga zawo, ndiye sudziwa choyambira. Lero ndamugwira wakubayo: dayodi imodzi inafa, ikungodutsitsa moto uku ndi uku ngati mlonda woledzera. Kwa dzino lagolide sindinapiteko. Ndazula ina m'wailesi yakale ya Amayi. Matransisita ndapeza kwa mnzanga wokonza ma TV.

Poyesa ndalumikiza babu pa waya wa magetsi, kuti ngati vuto likadalipo iwale babuyo, zinthu zisapse. Yangophethira kamodzi n'kuzirala. Zili bwino.

"Ukupanga ampu kapena nyali?" Alamu amenewo, kuseka okha. Chipinda ndakhoma, kiyi m'thumba.

Loweruka, 15 Malichi

Yatheka. Mawu oyera, njuchi zonse zathawa. Amayi akuimba, mpaka kachifuwa kawo kaja pakati pa nyimbo kakumveka. Achemwali atuluka kukhitchini, manja onyowa, misozi mbwembwembwe. Alamu ali kale panja kulengeza kuti "taikonza". Iwo ndi ndani?

Ndakhazika Bambo pampando, khutu pafupi ndi sipika. Avala ndi jekete lomwe, ngati akukalandira mlendo. Ndakweza. Ndakwezanso mpaka pomaliza, mawindo kunjenjemera, aneba kumenya khoma. Amayi adzaza nyumba yonse.

Bambo manja pamaondo, akundiyang'ana, akudikira.

"Yatsa tsopano, mwana wanga. Ndakonzeka."

Ndatenga dzanja lawo, ndaliika pabokosi la sipika. Akhala choncho mpaka kaseti kutha. Kaya amva chiyani m'zalamo, sindinafunse.

Alamu alowa, akuti mwina vuto ndi sipika.

Sabata yathunthu inapsa ndi kapepala ka fodya. Ikanakhala sabata yatha ija, mwina Bambo akanawamva Amayi.