Kompyuta ikundigwira magetsi, koma amuna anga akuti anakonza

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Njuli, ndipo ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Mwezi watha achimwene anga a Davie anatitumizira kompyuta kuchokera ku Joni kuti ndizitayipirapo mayeso. Pulagi yake inali ya mano obulungira, yosalowa m'soketi zathu. Ndiye amuna anga anaidula, mawaya awiri n'kuwalowetsa m'soketi, n'kupanikiza ndi timitengo ta machesi monga timachitira ndi wailesi. Waya wachitatu, wobiriwira wa mizere yachikasu, anangosiyidwa.

Chiyambire tsiku limenelo, ndikakhudza chitsulo cha kompyutayo nditaponda pa simenti opanda nsapato, imandigwira, dzanzi mpaka m'chigongono. Amuna anga anakafunsa anzawo kumsika, ndipo anauzidwa kuti nyumba yathu ilibe ethi, waya wotaya magetsi pansi. Atabwera anadzaza dothi m'chitini cha penti, n'kuthiramo mchere ndi madzi, n'kuzikamo msomali, n'kumangirira waya wobiriwira uja. Anati, "Amayi, akuti magetsi otayika amalowa m'dothi. Dothi lake ndi ili." Chitinicho chili pansi pa tebulo, ndipo amachithirira m'mawa uliwonse ngati mbande ya tomato.

Ikundigwirabe. Dzulo ndinachita kukhala pansi, mwana n'kuyamba kutakataka m'mimba. Ndinachita mantha kwambiri.

Pondivuta ndi apa. Amuna anga ndi mkamwini kuno kwathu, ndipo abale anga sachedwa kuwaseka. Kompyutanso yachokera kwa alamu awo. Ndikaitana katswiri, amuna anga adzati ndawavula pagulu. Ndi munthu wabwino ndipo ndimawakonda. Nditani?

H.N., Njuli, Chiradzulu.

Mayi H.N.,

Lero lomwe thimitsani swichi yaikulu, muzule mawayawo. Mayeso lembani pamanja kaye, ana sakana. Mupitenso kusikelo, mukawauze anamwino zimene zinachitika dzulozo, akamuone mwana.

Amuna anu anamva nkhani theka. Magetsi otayika amalowadi m'nthaka, koma nthaka yeniyeni imene nyumba yanu yakhalapo. Dothi la m'chitini silipita kulikonse, ngakhale alithirire mpaka limere bonongwe. Kunena mosapsatira, pakadali pano ethi ya nyumba yanu ndinuyo, kudzera m'mapazi anuwo.

Chofunika ndi katswiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso, osati aliyense wonyamula pulayala. Iyeyo adzakhoma ndodo ya kopa yotalika ngati munthu wamkulu panja, pamalo achinyezi pafupi ndi khoma. Adzaimanga ndi waya wokhuthala kukafika pabokosi la magetsi, kuchoka apo kupita m'soketi zonse. Akamaliza ayeze ndi mita inu mukuona, osati kungoti "zatheka". Ayezenso kompyutayo, chifukwa mwina ili ndi vuto lake m'kati. Mumufunse za swichi imene imathima yokha magetsi akayamba kutayika. Mugulenso pulagi yeniyeni ya mano atatu yokhala ndi fyuzi. Machesi ndi oyatsira mbaula.

Tsopano za bambowo. Musawauzire pabwalo pali alamu. Auzeni muli awiriwiri, ndipo muyambe ndi kuwathokoza, poti munthu wothirira chitini m'mawa uliwonse ndiye kuti amakuganizirani. Kenako anene okha katswiri amene akumufuna, akamutenge okha, pokhoma ndodoyo hamala igwidwe ndi iwo. Odutsa adzangoona mwini nyumba akutsogolera ntchito.

Chenjerani ndi nzeru zina za kumsika. Wina asamangirire waya wobiriwira uja ku mpope wa madzi kapena kuzitsulo za pawindo, ndipo asamulumikize ndi mawaya ena awiri aja. Mukatero ngoziyo mwangoisamutsira kwa wotunga madzi. Ziphaliwali zikayamba, zulani pulagi, ethi ilipo kapena palibe.

Bambo akakana, katswiriyo muitaneni nokha, ndipo musapepese. Abale anu akaseka, adzaseka sabata imodzi n'kuiwala. Koma mkamwini amene mkazi wake wapakati wavulazidwa ndi waya womanga yekha, pamudzipo sadzayendanso mutu uli m'mwamba, ngati n'komwe adzamulole kukhalapo.

Aphungu.